Tinawagulira mafoni, nanga akudandauliranji kuti ali okha?

Nabanda, Leeds

Moni nonse. Ndabwera ndi funso, ndipo ndikupempha makamaka akuluakulu amene muli pagulu pano kuti mutiyankhe mosatinyengerera. Ambiri a ife amene tili kunja kapena m'tauni tinawagulira makolo athu mafoni amakono n'kuwalowetsa pa WhatsApp, ena mpaka pa Facebook. Tinkati tikatero ndiye kuti mtunda taudula. Koma ine ndikuona kuti kusungulumwa kwawo sikunathe, kwangobisala.

Kuno ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalirako okalamba. Ambiri ali ndi foni kapena tabuleti pambali pa bedi, zithunzi za adzukulu zimalowa tsiku ndi tsiku, koma wogogoda pachitseko amabwera mwa apo ndi apo. Vutoli kuno ndi lalikulu moti mu 2018 boma la Britain linasankha nduna yoona za kusungulumwa, mayi Tracey Crouch. Timakonda kunena kuti zimenezo n'za azungu, kwathu munthu sakhala yekha. Koma mayi anga ku Dedza ali pagulu la banja lathu limene silikhala chete usana ndi usiku, ndipo ndikawafunsa amati, "Ndimangoona zinthu zikudutsa, mwanawe." Ndiye ndifunse: masamba a mchezowa akuthandiza okalamba athu, kapena akungotithandiza ife ana kuti mitima ikhale m'malo?

Achisale, Joni

Achemwali, funso lanu ndi labwino, koma foni tisaiipitsire mbiri. Bambo anga anapita kumigodi pa Wenela ine ndisanabadwe. Mayi amatiuza kuti kalata inkatenga milungu, ikafika ankayenda nayo kukapempha aphunzitsi kuti awawerengere, ndiye nkhani za m'nyumba woyamba kuzidziwa ankakhala munthu wapadera. Bambo anabwerera Kamuzu ataletsa ulendo wa kumigodi, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70. Koma achimwene awo sanabwerere, anasanduka mtchona, ndipo agogo anamwalira osadziwa ngati mwana wawo ali moyo. Kumeneko ndiye kunali kusungulumwa. Lero ine Lamulungu lililonse ndimawaona mayi pa video, amandionetsa nkhuku zawo, amandikalipira kuti ndawonda. Mukandilanda zimenezo mwandilanda mayi anga.

Aphiri, Kasungu

Ndiyankhe ine mwininkhani. Ndili ndi zaka 72, ndinapuma ntchito yauphunzitsi, mayi a kunyumba anatisiya. Anabanda ndi Achisale nonse mukunena zoona, kungoti mukukamba zinthu ziwiri zosiyana.

Ine ndili pa magulu awiri. Loyamba ndi la ife amene tinaphunzira limodzi ntchito yauphunzitsi. Tatsala ochepa. Pamenepo timalemba pang'onopang'ono, timadikirana, wina akasowa masiku angapo timamuimbira. Mayi a kunyumba atamwalira, gulu limeneli ndi limene linkandidzutsa m'mawa. Sindingalinyoze.

Lachiwiri ndi la banja, ndipo pamenepo ndine mlendo. Ana amalemba mothamanga, Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi chodulidwadulidwa, tizithunzi toseka tambirimbiri. Ndikamati ndipeze magalasi, ndiwerenge, ndiganize, ndiyambe kulemba ndi chala chimodzi, nkhani yapita kale patali, yankho langa n'kukagwera pa nkhani ina. Ndiye ndimangosiya. Koma chimene chimapweteka si liwirolo ayi. N'chakuti bwalo la banja lasamukira pamenepo. Kale mwana akafuna kukwatira, nkhani inkayambira kwa ife, ife n'kupeza ankhoswe. Pakagwa maliro akuluakulu tinkakhala pansi n'kugwirizana za tsiku, za manda, za amene akalankhule m'malo mwa banja. Lero zonsezo amamanga okhaokha pagulu. Amene akusonkha ndalama ndi amene ali ndi mawu, ife timangouzidwa kuti zatheka, mwambo ndi Lachinayi. Dzina la mdzukulu wanga ndinaliona litalembedwa kale pansi pa chithunzi.

Ana anga sandimana kanthu. Ndalama zimabwera, moni amabwera. Chimene sichibwera ndi funso. Munthu wamkulu akasiya kufunsidwa maganizo, ngakhale foni ilire kangati, amadziwa kuti ntchito yake pabanja yatha.

Nabanda, Leeds

Bambo Phiri, mawu anuwa andilasa. Mayi anga akamati zinthu zikudutsa, ndikhulupirira akunena zomwezi.

Achisale, Joni

Bambo, mwaulemu wonse, nthawi zina timamanga nkhani mwachangu chifukwa zinthu sizidikira. Munthu akamwalira kuno, kubwera nalo thupi kumudzi kumafuna mapepala ndi ndalama zambiri, ndipo tsiku lililonse limene likudutsa mtengo wa kumochale ukukwera. Sitingadikire kuti netiweki ipezeke kumudzi.

Aphiri, Kasungu

Ndikumva, mwana wanga. Za mapepala ndi galimoto mangani, ife sitizidziwa. Koma kuimba mphindi zisanu n'kunena kuti "bambo, taganiza zakutizakuti, inu mukuti bwanji" sikuchedwetsa maliro.

Namwale, Mponela

Ine ndili ndi kabenchi ka Airtel Money ndi Mpamba pamsika, ndiye agogo ndimawaona tsiku ndi tsiku. Funso limene simunafunse ndi lakuti foniyo imakhala m'manja mwa ndani. Inu mukatumiza foni yapamwamba, imakhala ya agogo sabata yoyamba. Kenako mdzukulu amene anawathandiza kuitsegula ndi amene amayenda nayo. Chithunzi pa WhatsApp n'cha agogo, koma woyankha ndi mnyamata wa Fomu 2. Inu mukaona kuti uthenga wawerengedwa mumati mayi aumva, pamene mayiwo sanauzidwe n'komwe. Bandulo imene mwagula kuti muzilankhulana imathera pa TikTok.

Sindikuwada anawa. Ambiri ndi amene amayenda mtunda kukatchajitsa foniyo, pakuti kumudzi nyumba za magetsi n'zowerengeka, ndipo kasola kakang'ono nyengo ya mvula sikakoka. Koma mapeto ake agogo sangalankhule ndi mwana wawo popanda mkhalapakati. Angadandaule bwanji kuti ndalama zikusowa pamene wozitengayo ndi amene wagwira foni? Nambala yachinsinsi nayonso amaidziwa ndi yemweyo.

Palinso akuba a pafoni. Amaimba n'kunena kuti atumiza ndalama molakwika muwabwezere, kapena kuti mwana wanu wachita ngozi tumizani msanga, kapena kuti dzina lanu lalowa mu Mtukula Pakhomo koma mulipire kaye kenakake. Amene amagwa msanga ndi okhala okha, chifukwa alibe wofunsa pafupi. Komanso wakubayo amawalankhula mwaulemu, mosathamanga, nthawi yaitali kuposa mmene ana awo amawalankhulira. Agogo ena atabedwa chotere anasiyiratu kuyankha foni iliyonse, ngakhale ya mwana wawo, chifukwa cha manyazi ndi mantha.

Nankhoma, Zomba

Makolo anga, ndine wamng'ono pano, koma ndiloleni ndiikepo zimene ofufuza anapeza, chifukwa zikugwirizana ndi zimene mukunenazi.

Mu Juni 2025 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti lonena kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse padziko lapansi amasungulumwa. M'mayiko osauka ndi anthu 24 pa 100, pamene m'mayiko olemera ndi 11 pa 100. Ndiye zakuti ndi vuto la azungu, Anabanda, n'zosiyana ndi zimene anapeza.

Ku America, Dr Alan Teo ndi anzake a ku Oregon anatsatira okalamba oposa 1,400 kwa zaka ziwiri. Amene ankalankhulana ndi abale pa video, chiopsezo chawo chodwala matenda ovutika maganizo chinali pafupifupi theka la cha amene sankagwiritsa ntchito njira zamakonozi. Koma amene ankangolemberana mauthenga, maimelo kapena kukhala pa Facebook sanasiyane ndi amene analibe chilichonse. Apa Achisale ndi video yawo ya Lamulungu apambana. Koma m'kafukufuku wina wa 2015, wa anthu oposa 11,000 azaka 50 kupita m'tsogolo, gulu lomwelo linapeza kuti mwa amene ankaonana ndi abale kapena anzawo maso ndi maso katatu pasabata, 6.5 pa 100 ndi amene anadzavutika maganizo, pamene mwa amene ankaonana kamodzi pa miyezi ingapo anali 11.5 pa 100. Kuimba foni ndi kulemberana sikunateteze mofanana ndi kuonanako.

Tichenjere kuti moyo wa ku America ndi wathu n'zosiyana, komanso kafukufuku wotere satha kulekanitsa bwinobwino chimene chinayamba: mwina wovutika kale maganizo ndi amene amapewa alendo. Koma chimene ndikutolapo ine n'chakuti tisamazimange mtolo umodzi n'kumati "masamba a mchezo". Kuona nkhope ya mwana wako n'kwina, kumangopalasa zithunzi za anthu osawadziwa n'kwinanso. Ndipo lipoti la WHO lomwelo likuti achinyamatafe ndi amene tikusungulumwa kwambiri, ngakhale foni sitiisiya.

Aphiri, Kasungu

Mwanawe wafotokoza bwino. Za kupalasazo ndikuzidziwa. Anzanga ambiri opuma ntchito, makamaka abambo, usiku amathera pa Facebook kuwerenga zandale ndi kutukwanizana kwa anthu. Maola amatha, mutu wadzaza nkhani, koma palibe amene wakutchula dzina. M'mawa kudzuka mochedwa, kubawo osapita, kutchalitchi kumangomvera ulaliki wotumizidwa.

Ndikunena za abambo dala. Amayi ali ndi Chigwirizano, banki mkhonde, maliro amakaphika limodzi. Ife abambo ambiri anzathu anali a kuntchito, ntchito ikatha ndi ubwenzi umathera pomwepo. Komanso tinaleredwa kuti mwamuna sanena kuti ndasungulumwa. Mukaimba kufunsa kuti muli bwanji, tidzayankha kuti tili bwino mpaka tsiku lomwalira. Ndiye inu amene muli ndi bambo otsala okha, musakhulupirire yankho loyambalo.

Nangondo, Ndirande

Ine ndine wa Mvano, timayendera odwala ndi okalamba. Ndikufuna ndinene za m'tauni, chifukwa anthu amaganiza kuti agogo akachoka kumudzi n'kubwera kwa mwana wawo ndiye kuti apulumuka. Kumudzi mayi wamkulu akakhala pakhonde, wopita kudimba amapereka moni, wochokera kuchigayo amakhala pansi pang'ono, ana a oyandikana nawo amadzapala moto. Kuno amawaika m'nyumba ya mpanda, geti lotseka, eni nyumba achoka m'mamawa. Madzulo onse abwera, koma aliyense maso ali pafoni. Mayi ena a mumpingo mwathu anandiuza kuti m'nyumba mwadzaza anthu, koma tsiku limatha atangolankhula ndi wantchito yekha. Ana awo poona kuti akudandaula anawagulira foni yawoyawo. Tsopano pabalazapo onse ali chete mofanana.

Za maliro Bambo Phiri anena kale, ine ndingowonjezera. Nthawi ya Covid mu 2020, boma litachepetsa chiwerengero cha anthu pamaliro ndi m'matchalitchi, tinazolowera kutumiza chipepeso pafoni. Nthawi imeneyo kunali koyenera. Koma matenda anapita, chizolowezi chinatsala. Munthu amalemba "pepani, Mulungu akutonthozeni", watumiza kangachepe, basi wamaliza. Kusiwa usiku kumagona azimayi okalamba omwewo, ndipo mwambo ukatha namfedwa wokalamba amatsala yekha ndi mndandanda wa mayina a amene anasonkha.

Chimene sindidzachivomereza ndi kuika chithunzi cha womwalira pa status akuluakulu asanauzidwe. Mwambo wathu ndi woti uthenga wa imfa umapita ndi munthu, amayamba wakhala pansi, n'kunena kaye kuti matenda akula, n'cholinga choti womva asagwe. Ndinaona mayi a BP atamva za imfa ya mchemwali wawo kudzera pa chithunzi chimene mdzukulu anawaonetsa mosadziwa. Anakagona kuchipatala. Chonde ana inu, dikirani.

Komabe foni yomweyo imatithandiza. Gulu lathu la WhatsApp ntchito yake ndi imodzi: kuuzana kuti ndani sanaoneke kutchalitchi, ndipo ndani apita kukamuona. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndi mauthenga omwewo amene anatithandiza kudziwa okalamba amene nyumba zawo zinagwa ndi kumene anathawira. Uthenga uliwonse unkatha ndi munthu kunyamuka.

Ambewe, Ntcheu

Ndine mlangizi wa zaumoyo, ntchito yanga ndi ya m'midzi. Timakamba ngati vuto ndi kusadziwa foni, pamene kwa ambiri vuto ndi maso ndi makutu. Agogo a ng'ala saona tizilembo timeneti. Amene makutu ayamba kugontha samva bwino pafoni, amangoyankha "eya, eya" kuti asakuvutitseni, inu n'kumati mwacheza. Munthu wosamva bwino amayamba kuthawa ngakhale macheza a pamudzi chifukwa chotopa ndi kufunsa kuti mwati chiyani. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ku Nkhoma, ku Kamuzu Central, ku Queens ndi zipatala zina amachita. Mwana amene ali ndi ndalama ya foni yatsopano ayambe wawatengera kukapimitsa maso.

Koma pali china cholemera. Kwathu kuno wokalamba wokhala yekha sangosungulumwa, ali pangozi. Mayi amene alibe womuyendera, amene wayamba kuiwalaiwala, kulankhula yekha kapena kusochera usiku, ndi amene amalozedwa chala kuti ndi mfiti mwana akamwalira mwadzidzidzi. Tonse tikukumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana. Bungwe loona za okalamba la MANEPO lakhala likulira za nkhanza zimenezi chaka ndi chaka. Lamulo la zaufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma lamulo limafika pamudzi anthu atatola kale miyala.

Makanema ena a pa Facebook aulula nkhanza n'kuchititsa kuti apolisi agwire anthu, zimenezo ndikuvomereza. Koma mphekesera nazo zimathamanga pomwepo, ndipo makanema a agogo akumenyedwa amazungulira m'mafoni a ana mpaka agogo ena amawaona. Ndikudziwa amayi amene anasiya kupita kumaliro a ana, kuopa kuti wina anena kuti abwera kudzaona ntchito yawo. Akangosiya kupitako, ndiye kunenedwa kumakula. Chimene ndaona chikuteteza munthu wotere n'chakuti mudzi udziwe kuti ali ndi eni ake: pakhomo pake pamaoneka alendo, a mpingo amalowa, mwana wake amafika n'kukapereka moni kwa amfumu. Video ya Lamulungu imawasangalatsa mayi, koma oyandikana nawo saiona.

Achisale, Joni

Ambewe, mawu omalizawo andilemera. Ena a ife sitingabwere chaka chilichonse. Mapepala, thiransipoti, ntchito imene ukachoka pang'ono umapeza wina walowapo. Ndipo tikasiya kugwira ntchito kuno, feteleza kumudzi agula ndani? Ndiye titani ife, tisiye kuimba?

Nabanda, Leeds

Achimwene, nkhaniyi sindinaiyambitse kuti tiweruzane. Inenso tikiti ya ndege ndi ndalama ya miyezi. Palibe amene anachoka kwawo chifukwa chodana ndi mayi ake.

Ambewe, Ntcheu

Ayi Achisale, musasiye. Ndikunena kuti foniyo isathere pa inu awiri. Mukaimba, nthawi zina pemphani kuti mupereke moni kwa oyandikana nawo, kwa akulu a mpingo, kwa amfumu. Pakagwa maliro pamudzipo tumizani chipepeso kudzera m'manja mwa mayi, akapereke okha pamaso pa anthu. Mwana wa oyandikana nawo akamawatungira madzi, mudziweni dzina, mumugulireko makope. Anthu akamamva mawu anu pafupipafupi amadziwa kuti pakhomo apa mwini wake alipo, angokhala kutali.

Angozo, Harare

Ine ndinabadwira ku Mbare, agogo anga anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito kuno nthawi ya Rhodesia. Matchona amene Achisale anena, kuno timakhala nawo. M'nyumba zosungira okalamba muno mu Zimbabwe mumapezeka madala ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, amene mphamvu zawo zinathera m'mafamu ndi m'migodi, kwawo osakudziwanso. Ena mwa iwo Facebook yawapezera abale. Munthu amaika dzina la mudzi ndi la mfumu pagulu la anthu a boma limenelo, ndipo pamapezeka wodziwa. Ndinaonapo mdala akulira atamva koyamba mawu a mwana wa mlongo wake. Kalata sikanatha kuchita zimenezo, pakuti adiresi anaiiwala kalekale.

Koma ndikufuna ndibwerere pa mawu a Bambo Phiri akuti chimene sichibwera ndi funso. Kuno ku Mbare mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench ndi agogo aakazi 14. Anawaphunzitsa kumvetsera munthu wovutika maganizo ndi kumuthandiza kupeza yekha njira, n'kuwakhazika pabenchi panja pa chipatala. Kafukufuku wa 2016 anaonetsa kuti amene anacheza ndi agogowa anapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse, ndipo ntchitoyi inafika ndi ku Malawi komwe. Chimene chimandikhudza n'chakuti agogowa sanatengedwe kuti ndi anthu ofunika kuwasangalatsa. Anapatsidwa ntchito, ndipo anthu amabwera kwa iwo ndi mavuto enieni. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ife pa WhatsApp timawatumizira nyimbo ndi mavesi, koma moto wathu timakazimitsa kwina.

Agogo Naphiri, Thyolo, akulemba ndi mdzukulu wawo

Ndawawerengera agogo zonse mwalembazi, ndipo akuti ndilembe mawu awo mmene akunenera.

Akuti: Ine sukulu sindinapite, zolembazo sizindikhudza. Chimene ndimakonda ndi mawu ojambula aja. Mwana wanga wa ku Lilongwe akatumiza, ndimauza uyu kuti andibwerezere, usiku tulo tikasowa ndimamveranso. Nanenso ndimajambula, ndimanena zonse osadulidwa. Pakuti akaimba amakhala wothamanga, amangofunsa ngati ndalama zafika ndi ngati ndamwa mankhwala. Mawu ojambula sandithamangitsa. Koma auzeni anzanuwo kuti asamangotumiza zithunzi za zakudya ndi maphwando. Tikaona timasangalala inde, komanso timaona kuti kumeneko moyo ukuyenda bwino popanda ife. Azitiuzako ndi mavuto awo. Mwana wanga atasiyana ndi mwamuna wake ndinamva patapita miyezi, akuti ankaopa kundidandaulitsa. Ine ndinamubereka, kudandaula za iye ndi ntchito yanga. Ukwati ndinakhalamo zaka zambiri, ndikanamuuza kenakake.

Akuti basi, moni kwa Aphiri a ku Kasungu, ndi alongo awo.

Ineyo ndiwonjezere kwa Anamwale kuti si adzukulu tonse timabera agogo. Ena a ife ndi amene timagona nawo m'nyumba, kuwaphikira, kuwaperekeza kuchipatala, sukulu tikujomba. Amalume a m'tauni akaimba satifunsa n'komwe kuti tikukhala bwanji, amangoti "patsa agogo foni".

Aphiri, Kasungu

Moni ndalandira, alongo anga. Mwanena zimene ine ndimalephera kuuza ana anga. Ndipo iwe mdzukulu, Mulungu akudalitse. Amalume akowo akuyenera kudziwa kuti mayi awo ali moyo chifukwa cha iwe.

Namwale, Mponela

Zoona mwana wanga, ndipo otere ndimawaonanso pabenchi panga, ena amabwera atawakweza agogo panjinga. Nkhani yanga ndi yakuti agogo akhale ndi njira yawoyawo yofikira kwa ana awo.

Achisale munafunsa kuti mutani. Zimene ndaona zikuyenda m'mabanja ena ndi izi. Foni ya mabatani ikhale ya agogo okha, imasunga moto masiku angapo ndipo amaimanga pansalu. Nambala zanu muziike pa mabatani oyamba kuti azingodina n'kugwiritsa, komanso mayunitsi asathe kuti akafuna aziimba okha, osati kumangodikira inu. Ndalama zizilowa m'menemo, ndipo mukatumiza muziimba n'kuwauza pakamwa kuchuluka kwake. Muwauzenso kuti aliyense wopempha ndalama pafoni, ngakhale atchule dzina lanu, adule n'kukuimbirani. Foni yaikuluyo ikhale ya pakhomo, mdzukulu aziigwiritsa ntchito poyera ndi bandulo yake, koma nthawi ya video ikhale yodziwika, ndipo akailumikiza achoke kaye kuti mayi alankhule momasuka.

Nankhoma, Zomba

Kwathu tinatsegula kagulu kena kakang'ono ka agogo ndi ana awo okha, lamulo lake ndi mawu ojambula basi, m'Chichewa, opanda tizithunzi. Nkhani za ukwati, maliro ndi minda zimayambira pamenepo zisanapite pagulu lalikulu. Azakhali ena anakwiya kuti tikugawa banja, ndipo mpaka pano sanagwirizane nazo, koma agogo tsopano ndi amene amalankhula kwambiri.

Achisale, Joni

Za foni ziwirizo ndazitenga, Anamwale. Chimene chikundivutabe ndi cha munthu wolowa pakhomo. Alongo anga onse anakwatiwa kutali, ndipo a pamudzi ndimaopa kuwapempha chifukwa ukangotchula kuti uli ku Joni, chilichonse chimasanduka cha ndalama.

Nangondo, Ndirande

Achisale, mayi anu amapemphera mpingo uti? Ngati ndi a CCAP kuchigawo chapakati, kuli amayi a Chigwirizano. Ngati ndi Akatolika, yambani ndi atsogoleri a mphakati wawo. A Seventh Day ali ndi amayi a Dorika, ndipo Asilamu nawo ali ndi magulu a amayi pamzikiti. Kuyendera okalamba ndi ntchito yathu kale, sitilipiritsa, kungoti nthawi zambiri sitidziwa kuti pakhomo pakutipakuti zinthu zafika pati, chifukwa mayi akabwera kutchalitchi amavala bwino n'kumwetulira. Musalembe dzina la mudzi pano. Ndilembereni kumbali, ndili ndi anzanga m'mipingo yambiri, ndifunsa amene ali pafupi.